Kalaliki wa ku Gallitep

Mwezi uno tili kukutengerani ku dziko limene simudzalipeza pa mapu ali onse, ngakhale mutafunsa akatswiri oona nyenyezi. Dzina lake ndi Bajor. Ndi pulaneti longopeka la m'sewero la pa TV la ku America lochedwa Star Trek: Deep Space Nine, limene linaonetsedwa kuyambira mu 1993 kufikira mu 1999, m'magawo 176. Mwina wina adzafunsa kuti za maiko ongopeka zitipindulira ciani. Koma agogo athu naonso sanamuonepo Kalulu ali kuweruza mlandu, cikhalireconso ana anali kucoka pa moto atadziwa kusiyanitsa wanzeru ndi wacinyengo.

Monga mmene seweroli likufotokozera, anthu a ku Bajor anali mtundu wakale kwambiri, odziwa luso la zomangamanga, ndiponso opembedza. Tsono kunadza anthu a ku Cardassia, mtundu wa asilikali, nalanda dziko lao. Analilamulira zaka ngati 50, kufikira caka ca 2369 m'kuwerenga kwa nthanoyi. Anafukula miyala ya mtengo wapatali mpaka nthaka inasanduka maenje, anagwiritsa eni dziko cibalo, ndipo anthu mamiliyoni anafa. Ena anathawira ku maiko acilendo nakhala m'misasa. Pamwamba pa Bajor atsamundawo anamanga siteshoni ya m'mlengalenga yoyengera miyala, yochedwa Terok Nor, imene mkulu wake anali Gul Dukat. Pocoka anaononga zonse zimene sanathe kunyamula.

Masewero ambiri a nkhondo amathera pamene mdani wathawa, anthu ali kuvina m'misewu. Limeneli likuyambira pomwepo. Boma latsopano la Bajor ndi lofooka, atsogoleri ake ali kukangana, ndipo lapempha cigwirizano ca maiko cochedwa Federation kuti cithandize kuyendetsa siteshoni ija, imene tsopano yachedwa Deep Space Nine. Mkulu wake ndi Benjamin Sisko, ndipo waciwiri wake ndi mai wa ku Bajor, Major Kira Nerys, amene anakulira mu msasa wa othawa kwao nalowa gulu la omenyera ufulu akali kamtsikana. Mdani wapita, inde, koma wasiya ana amasiye, wasiya anthu amene anali kumuthandiza, wasiyanso mitima yodzala ndi mkwiyo umene ulibe pothira.

Gawo limene tikufuna kulikambapo motalikirapo likuchedwa Duet, la mu 1993. Tsiku lina combo conyamula katundu cifika pa siteshoni cili ndi mlendo wodwala matenda ochedwa Kalla-Nohra. Kira atamva dzina la matendawo adzidzimuka, pakuti odwala matenda amenewa ndi okhawo amene analipo pa ngozi ya mu mgodi wa ku Gallitep, msasa wa cibalo woipitsitsa pa yonse. Iye mwini anali m'gulu limene linamasula msasawo zaka 12 zapitazo, ndipo anaona mitembo ndi maso ake. Athamangira ku cipatala poganiza kuti akaona mbale wake wopulumuka. Apeza munthu wa ku Cardassia. Nthawi yomweyo alamula kuti amangidwe.

Mkaidiyo akuti dzina lake ndi Aamin Marritza, ndipo ku Gallitep anali cabe kalaliki wosunga mafaelo. Koma cithunzi cakale ca ku msasako cionetsa kuti nkhope imeneyi ndi ya Gul Darhe'el, mkulu wa msasa, amene anthu anali kumucha wopha anthu ngati ng'ombe. Ataonetsedwa umboniwo sakana. Ayamba kudzitama, kuseka, ndi kunyoza akufa, kunena kuti anali kungogwira nchito yake ya tsiku ndi tsiku ndipo cimene amva naco cisoni n'cakuti sanaphe ambiri. Harris Yulin, amene anasewera mkaidiyu, ndi Nana Visitor, amene anasewera Kira, akhala m'kacipinda kamodzi pafupifupi gawo lonse, popanda mfuti kapena nkhondo ya zombo, koma woonera sangathe kucotsa maso. Kunja kwa ndende opulumuka a ku Gallitep aimirira cete, kudikira ciweruzo. Mlandu suola.

Komabe Odo, mkulu wa citetezo pa siteshoni, aona kuti nkhaniyi siili kulumikizana bwino. Afufuza napeza kuti Darhe'el weniweni anamwalira zaka 6 zapitazo naikidwa mwaulemu ku Cardassia. Apezanso kuti tsiku la ngozi ija Darhe'el sanali ku Gallitep, motero sakanadwala matendawo. Mkaidiyu anasiya nchito yake ya uphunzitsi, analongosola za cuma cake monga munthu amene sadzabwerera, nasankha dala combo copita kumene kunali Kira. Ndipo dokotala apeza kuti anacitidwa opaleshoni yosintha nkhope. Iye ndi Marritza ndithu, kalaliki uja, amene wavala nkhope ya mbuye wake kuti aweruzidwe ndi kuphedwa m'malo mwake.

Kira atamufunsa cifukwa cake, munthuyo agwa m'misozi. Aulula kuti usiku uli wonse anali kumva kulira kwa ozunzidwa, ndipo iye anali kubisala m'cipinda cake, atatseka makutu, osacita kanthu cifukwa ca mantha. Sanamenyepo munthu. Anali kungosunga mapepala mwadongosolo, ndipo amati mafaelo ake anali osamalika koposa. Cimene akufuna tsopano ndi mlandu wa poyera, kuti dziko lake la Cardassia likakamizike kuvomera zimene linacita, pakuti akhulupirira kuti mtundu umene ukana kulakwa kwake sungacire.

Pano tiime pang'ono. Mu 1961 ku Jerusalem kunazengedwa mlandu weniweni wa Adolf Eichmann, mmodzi wa akuluakulu a cipani ca Nazi, amene anali kukonza maulendo a sitima zotengera Ayuda ku misasa ya imfa. Iyenso anali munthu wa pa desiki. Anakhala m'kabokosi ka galasi nadziteteza kuti anali kungomvera malamulo a akulu ake, ndipo anapacikidwa mu 1962. Marritza ndi Eichmann wotembenuzidwa: uyo anali ndi mlandu waukulu nadzicepetsa kukhala kalaliki, uyu anali kalaliki nadzikuza kukhala wakupha. Ife amene pa ciyambi ca Misa timavomera kuti tacimwa osati pa zocita zokha komanso pa zabwino zimene tinaleka kucita, sitingamuuze Marritza kuti alibe mlandu. Msasa wa cibalo suyenda ndi asilikali okha. Umafuna wolemba maina, wowerengera matumba a ufa, woyendetsa galimoto, wophika. Ali yense wa iwo anganene moona kuti dzanja lake silinakhetse mwazi, koma onsewo akanyanyala tsiku limodzi msasawo utsekedwa.

Ngakhale zili tero, sitigwirizana naye pa njira imene anasankha. Anafuna kuti coonadi cituluke podzera m'bodza. Akadaphedwa ngati Darhe'el, opulumuka a ku Gallitep akadapita kwao atanamizidwa kuti cilungamo cacitika, ndipo tsiku limene cinyengoco cikadaululika, okana mbiri ku Cardassia akadapeza cida coti anene kuti zonse za Gallitep n'zopeka. Ndiponso kodi sanali kuthawa kaciwiri? Kufa ndi dzina la wina n'kosavuta kusiyana ndi kukhala moyo ndi dzina lako, kuimirira pamaso pa anthu a mtundu wako ndi kunena kuti: ine Marritza ndinalipo, ndinamva, ndinakhala cete. Umboni wa kalaliki amene anasunga mafaelo onse ukadakhala wolemera kuposa mtembo wake. Kira akuoneka kuti wazindikira zimenezi. Amuuza kuti anthu abwino afa kale okwanira, ndipo iye sadzathandiza kupha winanso. Atsegula citseko ca ndende.

Pamene ali kumuperekeza pa msika wa pa siteshoni, munthu wina wa ku Bajor dzina lake Kainon, cidakwa cimene cinagonapo m'ndende yomweyo, abwera kumbuyo namubaya ndi mpeni. Kira afuula kuti uyu si Darhe'el. Wobayayo ayankha kuti kukhala wa ku Cardassia ndi cifukwa cokwanira. Kira, atagwada pambali pa mtembo, ayankha motsitsa mau kuti sicokwanira. Masiku ocepa m'mbuyomo iye yemweyo anamanga munthuyu popanda umboni wina koposa mtundu wake ndi matenda ake. Tili ndi mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Pa nsomba ndi zoona. Pa anthu mwambi umenewu wakwirira ambiri osalakwa, ndipo Kainon akadaudziwa akadaunena mokondwa.

Seweroli silinasiye anthu a ku Bajor ali oyera ngati nkhunda, ndipo pamenepa tilitamanda. Cipembedzo cao ndico cinawasunga pa zaka za ukapolo. Amapembedza amene amawacha Aneneri, amavala ndolo ku khutu la kumanja monga cizindikiro ca cikhulupiriro, ndipo mtsogoleri wao wauzimu amachedwa Kai, pamene akuluakulu a pansi pake ndi ma Vedek. M'gawo la mu 1994 lochedwa The Collaborator, Vedek Bareil, munthu wofatsa amene onse anali kuyembekeza kuti akhala Kai, anenezedwa kuti ndiye anaulula kwa adani malo obisalako omenyera ufulu ku cigwa ca Kendra, kumene anthu 43 anaphedwa. Bareil sadziteteza, angocoka pa mpikisano, ndipo mpando upita kwa Winn, mai wokonda ulamuliro. Pambuyo pake Kira apeza kuti woululayo anali Kai Opaka, mtsogoleri wokondedwa ndi dziko lonse. Atsamunda anali ataopseza kuti aononga midzi ya m'cigwamo, anthu 1,200. Opaka anapereka 43 aja, ndipo mmodzi wa iwo anali mwana wake wobala yekha. Bareil anasenza manyaziwo kuti anthu asataye cikhulupiriro mwa Opaka. Kodi anacita bwino kubisa? Taganizirapo nthawi yaitali, ndipo tikuona kuti mtengo wake unali waukulu: pofuna kuteteza dzina la mtsogoleri wabwino, anapereka nkhosa m'manja mwa mbusa woipa.

Za Gul Dukat sitinenapo zambiri, ngakhale Marc Alaimo anamusewera mwaluso. Ndi munthu amene mpaka mapeto adandaula kuti anthu a ku Bajor sanamuthokoze, pakuti m'maganizo ake anali kuwalera ngati ana. Marritza sanathe kugona cifukwa ca zimene anamva. Dukat, amene analamula zimenezo, adabwa kuti palibe cipilala cake pa Bajor.

M'caka comaliza ca seweroli, mu 1999, zinthu zitembenuka. Dukat anali atalowetsa Cardassia m'cigwirizano ndi ufumu wamphamvu wochedwa Dominion, poganiza kuti dziko lake likwera nalo. M'malo mwake alendowo akhala eni nyumba, ndipo Cardassia alawa cimene Bajor analawa. Mtsogoleri wao Damar ayambitsa gulu loukira, koma asilikali ake adziwa nkhondo ya pa bwalo yokha, sadziwa nkhondo ya m'mapanga ya anthu opanda zida zokwanira. Wodziwa nkhondo yotere ndi Kira. Atumidwa kukaphunzitsa anthu omwe anapha bambo wake, ndipo Damar yemweyo ndiye anawombera Ziyal, mwana wamkazi wa Dukat wobadwa kwa mai wa ku Bajor, amene Kira anali kumukonda ngati mng'ono wake. Apita, osati mokondwa. Tsiku lina uthenga ufika wakuti adani apha mkazi wa Damar ndi mwana wake, ndipo Damar afunsa mosweka mtima kuti ndi anthu otani amene angalamule zotere. Kira amubwezera funso lomwelo ali kumuyang'ana m'maso, ndipo pambuyo pake adzimvera cisoni kuti walankhula pa nthawi ya maliro. Damar sayankha kanthu.

Damar afa ali kutsogolera anthu ake pothyola likulu la adani, Kira ali naye limodzi. Pobwezera kuukirako, a Dominion alamula kuti mtundu wonse wa Cardassia uphedwe, ndipo pamene nkhondo itha, akufa apitirira 800 miliyoni. Kira abwerera ku Deep Space Nine, Terok Nor wakale uja, nakhala pa mpando wa mkulu wa siteshoni, mu ofesi imene kale munali kukhala Dukat.