Nyimbo za pakhadi: thukuta la oimba akudya ndani?

Aliyense amene adatha msinkhu m'zaka za m'ma 1990 kuno kunyanja akukumbukira kulemera kwa mphatso ya kaseti. Mnyamata wa pa Liwaladzi akagulitsa mpunga wake kapena akabwerako ku ganyu ya mzimbe ku Dwangwa, amagula kaseti yopanda kanthu ya TDK kapena Sony, nkupita kwa mnzake wa wailesi ya zitseko ziwiri. Kumeneko amatha tsiku lonse akusankha nyimbo zoti amujambulire mtsikana amene mtima wake wagwerapo.

Kusankhako sikudali kwamasewera. Kaseti ya C90 imatenga mphindi 90 basi, 45 mbali iyi, 45 mbali inayo. Nyimbo zathu nthawi imeneyo zimatalika mphindi zisanu kapena kuposerapo, ndiye kuti malo adalipo a nyimbo 18 zokha. Ukaika ya Paul Banda ndiye kuti ina ya Billy Kaunda yatsala. Ukayamba ndi Mlaka Maliro umaganiziratu yotsekera. Mayina a nyimbo umalemba pamanja pa kapepala ka mkati, ndipo wolandirayo akawerenga amadziwa zimene pakamwa pako palephera kunena. Mabatire akafooka, kaseti imabwezedwa ndi cholembera cha Bic kuti mphamvu yotsalayo ikhale yomverera basi.

Ena amene adalibe mnzawo wa wailesi yotere amadikira pulogalamu ya Zokonda Amayi pa MBC chala chili pabatani. Nchifukwa chake makaseti ambiri a nthawi ija ali ndi mawu a muulutsi kumayambiriro kwa nyimbo, moni wopita kwa anthu osawadziwa nkomwe.

Lero mwambowu ulipobe, koma wasintha chovala. Pa Liwaladzi, monga pa misika ina ya mu msewu wa M5 pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa, nyimbo zikuyenda pa memore khadi, pa flashi ndi pa WhatsApp. Munthu amapita kwa mnyamata wobena nyimbo, amene wakhala mu kashopu ndi kompyuta yake, napereka khadi ndi kangachepe. Pakutha mphindi zochepa watuluka ndi nyimbo zoposa zimene bambo ake adamvera moyo wawo wonse. Khadi ya 2GB yokha imanyamula nyimbo pafupifupi 500. Akafika kudoko amagawirako asodzi anzake pa Bluetooth, wakabaza naye atengako, madzulo nyimbo zija zili kale m'mudzi wachitatu.

Chimene chatayika choyamba ndi kusankha. Wobena ndiye akusankhira mudzi wonse. Zimene zili pakompyuta yake ndizo zimveke pa ukwati, pa chinkhoswe ndi m'minibasi. Makolo ambiri sadziwa zimene zalowa m'foni ya mwana wawo, chifukwa khadi ilibe chikuto choti nkuwerenga ngati kaseti. Pakati pa nyimbo za kwaya pamatha kubisala zina zoti simungamvere pamodzi ndi apongozi.

Koma nkhani yaikulu ndi ya ndalama.

M'masiku a kaseti kukopera kudalipo, tisanamizane. Komabe kudali ndi malire ake. Kujambula kaseti imodzi kumatenga nthawi yaitali, ndipo ukajambula kuchokera pa yojambula kale mawu amayamba kulira ngati mvula padenga. Amene amafuna nyimbo zomveka bwino amagulabe chimbale chenicheni. Nchifukwa chake woimba amatha kujambulitsa ku situdiyo ya Imbirani Yahwe ku Balaka, kupititsa ntchito yake kwa OG Issa ku Limbe, nkuona ndalama yogwirika. Lucius Banda, amene adatisiya pa 30 June 2024, adatulukira m'nyengo imeneyi ndi chimbale cha Son of a Poor Man mu 1994. Evison Matafale, yemwe adamwalira mu November 2001, ndi Joseph Nkasa adafika m'midzi ya kunyanja kudzera m'makaseti ogula pamsika.

Nyimbo ya pakompyuta ilibe malire otere. Kope lachikwi limamveka chimodzimodzi ndi loyamba. Msika wa zimbale udazilala, ndipo oimba ambiri adatsala akudalira zoimbaimba za m'mabwalo, maukwati ndi makampani ofuna kutsatsa malonda. Kwa woimba wachinyamata amene ali ndi mphamvu zozungulira dziko, khadi ija ndi bwenzi: nyimbo ikafala pa Liwaladzi, tsiku lomwe adzabwere ku Dwangwa anthu adzadzaza bwalo. Nanga woimba wokalamba, kapena mkazi wamasiye amene mwamuna wake adasiya zimbale zisanu ndi ana asanu ndi mmodzi? Iwowa sakwera pansanja. Chuma chawo ndi nyimbo zomwe zija zikugawidwa ulele.

Chitsanzo cha Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, nchodziwika. Nyimbo yake ya Linny Hoo, imene adaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, idaonedwa koposa 80 miliyoni pa TikTok pofika kumayambiriro kwa 2022. Dziko lonse lidavina, pamene mwini wake adali kwawo ku Chiradzulu wopanda ngakhale foni yoti nkuonerapo zimenezo. Kutchuka ndi kudya ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Boma silidangokhala manja lende. Bungwe la Copyright Society of Malawi, COSOMA, lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la umwini wa luso la 1989. M'nthawi ya makaseti ndi ma CD bungweli limamata zizindikiro pa zimbale zenizeni kuti wogula asiyanitse ndi zachinyengo. Koma chizindikiro ungachimate pati pa nyimbo yodutsa mumphepo kuchoka foni ina kupita ina? Lamulo latsopano la 2016 lidabwera ndi njira ina: msonkho pa zipangizo zosungira zinthu monga mafoni, makompyuta, ma flashi ndi makhadi. Msonkhowu udayamba kutoleredwa mu 2019, ndipo amatolera ndi a Malawi Revenue Authority katunduyo akamalowa m'dziko muno. Ndalamazo zimapita ku COSOMA kuti igawire eni luso.

Nzeru imeneyi si ya kuno kokha. Dziko la Germany lidayamba mu 1965, patangopita zaka ziwiri kampani ya Philips itatulutsa kaseti yoyamba. Maganizo ake ndi osavuta: palibe wapolisi amene angalowe m'nyumba iliyonse kukaletsa munthu kujambulira mkazi wake nyimbo, choncho nkwabwino kulola kukopera kwa pakhomo, woimbayo nkulipidwa kudzera pa mtengo wa chipangizo.

Apa pali mfundo imene mabanja ambiri sakuidziwa. Mayi wogulitsa usipa pa Liwaladzi amene adagula foni yolowa m'dziko mwalamulo adalipira kale oimba, ngakhale palibe adamuuza. Msonkho uja wamalonda adauphatikiza mu mtengo. Mwana wake akamuikira nyimbo khumi za kwaya zoti azimvera akuyanika nsomba, sadabe kanthu. Nkhani imasintha munthu akatsegula kashopu nkumagulitsa nyimbo za eni kwa aliyense wodutsa. Amenewo ndi malonda, ndipo amafuna chiphaso cha COSOMA. Kulekanitsa ziwirizi nkofunika, chifukwa mawu oti "umbava" akamagwera aliyense, mapeto ake sagwira aliyense.

Ife tikuona kuti anyamata obenawa sayenera kuonedwa ngati adani. M'dera lomwe ntchito zake ndi khasu, ukonde ndi njinga, mnyamata amene wasonkha ndalama nkugula kompyuta wachita zanzeru. Ndiponso akugwira ntchito imene OG Issa amagwira kale, yofikitsa nyimbo kwa anthu. Spotify idafika m'Malawi mu 2021, koma imafuna foni yamakono ndi intaneti yogula tsiku ndi tsiku, zinthu zomwe banja lodikira kukolola mpunga silingaike patsogolo pa feteleza ndi fizi. Kwa anthu ambiri a kumudzi, sitolo ya nyimbo ndi kashopu komweko.

Vuto lili pa kagawidwe. Msonkho umadulidwa pa khadi isanalowe nyimbo ngakhale imodzi. Ndani akudziwa zimene zidzalowemo? Madandaulo a oimba pa momwe ndalamazi zimagawidwira akhala akumveka pafupifupi nthawi iliyonse imene COSOMA yagawa, ena kunena kuti alandira zochepa pamene nyimbo zawo zili paliponse. Madandaulo otere sangathe ngati palibe njira yoonekera poyera yodziwira nyimbo zimene anthu akuikitsadi. Zimene zikuwomba pa wailesi za ku Blantyre ndi Lilongwe si nthawi zonse zimene zikulira m'magolosale a ku Nkhotakota. Kuno anthu amafuna kwaya za mipingo yawo, kaswida, nyimbo zakale za Alleluya Band ndi za anyamata a m'dera momwemo amene mayina awo sadalembedwepo m'nyuzipepala.

Amene akudziwa zoona zake ndi wobena uja. Iye amaona tsiku ndi tsiku nyimbo imene agogo akufuna, imene asodzi akufuna, imene yatha fasho. Chiphaso chake chikadabwera ndi kaundula woti azilembamo nyimbo zofunidwa kwambiri mwezi uliwonse, COSOMA ikadakhala ndi umboni wochokera kumene msonkho ukuchokera. Nkhotakota Community Radio nayo, imene imalandira zopempha za omvera a m'bomali, ili ndi chithunzi chomwecho.

Oimba a kumudzi nawo ali ndi mbali yawo. Ndalama za COSOMA zimapita kwa amene adalembetsa ntchito zawo. Kwaya ya pa Liwaladzi imene idasonkha ndalama za mpunga nkukajambulitsa chimbale, koma osalembetsa, nyimbo zake zitha kudzaza makhadi kuyambira ku Dwambazi mpaka ku Benga osalandira ngakhale tambala. Chimodzimodzi magulu a chioda ndi malipenga amene amajambulidwa pafoni pa zisangalalo, kanemayo nkuyamba kugulitsidwa pa msika wotsatira eni ake osadziwa. Atsogoleri a magulu otere, ndi makomiti a mipingo amene amasunga ndalama za kwaya, ayenera kufunsa za kalembera ameneyu asanapereke chimbale chawo kwa wobena woyamba.