Makina olipirira asadye mpamba wa wamalonda wamng'ono

Amene amagula katundu pa Liwonde, pa Ntaja, pa Ulongwe kapena m'tauni ya Balaka anawazolowera mawu akuti, "Ngati mukulipira pa foni, muwonjezereko yotapira." Enanso amauzidwa kuti makina a khadi afa, chonsecho akuoneka ali bwinobwino pashelefu. Ogula ambiri amati uku n'kuba. Maganizo anga ndi akuti tisanamuloze chala mwini golosale, tiyambe tawerengera zimene njira zamakonozi zimamudyera.

Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mu 2015 mabanki analumikizana kudzera mu National Switch. Mu 2019 Reserve Bank of Malawi inakhazikitsa malamulo akuti mabizinezi okhala ndi ziphaso azikhala ndi njira yolandirira ndalama pa makina kapena pa foni. Cholinga chake n'chabwino. Ndalama zapamanja zimabedwa, zimang'ambika, zina zimakhala zachinyengo, ndiponso chenje chimasowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wokaoda katundu anayamba kunyamula mpukutu waukulu wa ma K5,000, chinthu chimene sichipatsa mtendere m'minibasi.

Vuto lagona pa kawerengedwe ka malipiro. Wogula akalipira ndi khadi, banki imene inapereka makinawo imadula kagawo ka ndalamazo n'kugawana ndi banki ya wogulayo komanso kampani ya khadilo, monga Visa kapena Mastercard. Kagawoka kamachotsedwa pa mtengo wonse wa katundu, osati pa phindu. Tiyerekeze kuti mayi wina pa Nsanama waoda katundu pa K9,500 ndipo wagulitsa pa K10,000. Phindu lake ndi K500. Banki ikadula K2 pa K100 iliyonse, yatenga K200. Papepala ioneka ngati 2 peresenti yokha, koma kwa mayiyo magawo awiri mwa magawo asanu a phindu lake apita, asanalipire chiphaso cha kukhonsolo, lendi ndi thiransipoti. Malo ogona alendo pafupi ndi Liwonde National Park sangamve kuwawa chimodzimodzi, poti phindu lawo pa mlendo mmodzi ndi lalikulu. Shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira phindu lake n'lochepa kwambiri, ndipo izi ndizo zimadzaza magolosale athu.

Komatu kudulidwa sikuthera pomwepo. Ndalama ikalowa mu foni kapena ku akaunti, wamalonda sangaigwiritse ntchito paliponse. Mlimi wa mpunga wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa, msodzi wa ku Chiuta, wakabaza ngakhale waganyu, ambiri amafuna ndalama yogwirika m'manja. Choncho wamalonda amapita kwa ejenti kukatapa, n'kudulidwanso kachiwiri. Tsiku la msika ejenti amathanso kunena kuti zamuthera. Ikakhala ndalama ya pa khadi, pamafunika ulendo wa ku Liwonde kapena ku Balaka kumene kuli mabanki. Tikaonjezera kuzima kwa magetsi ndi kuvuta kwa netiweki, sitingadabwe kuti wamalondayo amaumirira zoti fodya ndi uyo ali pamphuno.

Sindikunena kuti wogula ndiye azisenza mtolowu. Mphunzitsi wa ku Phalula amene walandira malipiro ake kudzera ku banki sayenera kulangidwa chifukwa chochita zimene boma lomwe likulimbikitsa. Amene amapindula kwambiri ndalama zikamayenda pa makina ndi mabanki ndi makampani a foni, pakuti ndalamazo zimakhala m'manja mwawo. Iwowa ndiwo ayenera kuchepetsa dyera. Malipiro ang'onoang'ono, monga ogulira ndiwo ndi sopo, asamadulidwe kanthu kwa wogulitsa. Masitolo opikulitsa katundu akakamizidwe kulandira ndalama za pa foni popanda kuwonjezera mtengo, kuti mwini golosale aziodera pa foni pomwepo osatapa. Mitengo ya kadulidwe ilembedwe poyera m'Chichewa ndi m'Chiyao, chifukwa ambiri amasaina mapepala a Chingerezi osadziwa chimene avomera.

Ena adzati mitengo yotereyi sisinthika. Koma mu 2019 boma linafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zoyenda pa foni, ndipo anthu atadandaula kwambiri, ganizolo linachotsedwa m'bajeti ya chaka chimenecho. Amene anadandaula mokweza nthawi ija anali mabungwe ndi anthu a m'mizinda. Amalonda a ku Machinga ndi Balaka ali ndi makomiti a m'misika, makhansala ndi aphungu awo, ndipo nkhani ya kadulidweka iyenera kufika ku Reserve Bank kudzera mwa iwo.