Wakabaza Akanunkhira Mumati Walakwanso

Lachisanu lililonse dzuwa likamayandikira paliwombo, msewu wochokera pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay umasintha fungo. Ine ndimapalasa njinga pakati pa Nkopola ndi Makawa pafupifupi tsiku lililonse, choncho msewu umenewu ndimaudziwa ndi mphuno yomwe. M'mawa kumamveka usipa wa pathandala ndi utsi wa dizilo. Koma ikamayandikira nthawi ya mapemphero, amuna ovala mikanjo yoyera amayamba kundipitirira panjinga zawo kuthamangira ku mzikiti, ndipo aliyense amasiya kafungo kake m'mbuyo: wina ka sopo, wina ka mafuta onunkhira a m'timabotolo ting'onoting'ono tija, wina ka lubani kokanirira m'zovala. Ena mwa amuna amenewa ndi akabaza omwe aja amene masiku ena onse timawanena kuti amanunkha.

Nkhani yanga yagona pamenepo. Tsiku lina ndinaima pa siteji ina kupopa tayala. Panafika bambo wina wa tayi, chikwama m'manja. Mnyamata woyamba atamuyandikira ndi njinga, bamboyo anagwira mphuno nati, “Iwe, choka apa, kodi madzi anatha m'nyanjamu?” Anakwera ya mnyamata wachiwiri, yemwe anali atasamba bwino ndi kudzola mafuta. Asanayende n'komwe, bambo uja anaseka: “Pefyumu yonseyi ukukafunsira mbeta? Ndiye kuti ndalama muli nazo anthu inu.” Pomwepo anayamba kunenerera mtengo. Mnyamatayo anangoti, “Chabwino bwana, tiyeni.”

Tsono abale anga, wakabaza achite chiyani kuti mumuone ngati munthu? Akatuluka thukuta mukuti ndi wauve. Akanunkhira mukuti akudzikweza, ndipo mukumulanga pomudulira mtengo. Apa vuto silili m'khwapa mwa wakabaza ayi. Lili mumtima mwa wokwera, amene anaweruza kale kuti munthu womunyamula pakaliyala sayenera ulemu.

Tiyeni tinene za thukutalo. Thukuta likamatuluka kumene silinunkha kwenikweni. Fungo limadza tizilombo ta pakhungu tikayamba kulidya, makamaka m'khwapa ndi m'zovala zimene zagonera osachapa, ndipo malaya a nayiloni a pakaunjika amasunga fungo kuposa a thonje. Mankhwala ake ndi madzi, sopo ndi malaya osinthira. Madzi alipo ambiri m'nyanja, koma sopo samera m'mbali mwa msewu. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo sopo ndi mafuta odzola zinakwera limodzi ndi zinthu zina zonse. Wakabaza amene akununkhira lero wachotsa pa ndalama ya ndiwo za ana ake kuti inu mukhale bwino kumbuyo kwake. Mphatso imeneyo mukuibweza ndi chipongwe.

Taganizaninso za ntchito yake. Kuchokera pa boma kufika pa Nkopola ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 25. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapyola madigiri 35. Munthu akupalasa atanyamula munthu mnzake, mwinanso ndi dengu la nsomba, mphepo ikumuwomba kumaso. Inuyo mutayenda theka la ulendo umenewo mungafike mukununkhira ngati duwa?

Chondipweteka kwambiri ndi tsankho la mphuno zathu. Alendo amabwera ndi njinga zawo za magiya zokwerera mapiri, n'kumapalasa m'zitunda zolowera ku Chembe, m'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Amatsika ali khathikhathi ndi thukuta, ife n'kumawaombera m'manja kuti akulimbitsa thupi. Thukuta la wopalasa mosangalala tikulitcha masewera, la wopalasira ufa tikulitcha uve. Kodi khungu limatulutsa thukuta la mitundu iwiri?

Wina anganene kuti, “Komatu alipo akabaza ena osasamba.” Alipodi, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Wonyamula anthu ayenera kudzisamalira, monganso wogulitsa mandasi ayenera kusamba m'manja. Akabaza pa masiteji awo azikumbutsana zimenezi, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Koma osasamba alinso m'maofesi, m'minibasi ndi m'matchalitchi, ndipo sitinanenepo kuti makalaliki onse ndi auve chifukwa cha mmodzi.

Enanso akuti anasiya njinga zakapalasa n'kuyamba kukwera zamoto chifukwa n'zaukhondo. Kuti n'zachangu ndikuvomera, koma zaukhondozo ayi. Amene anapalasapo kumbuyo kwa njinga yamoto yotha injini akudziwa mmene utsi wake umaŵaŵira m'maso ndi pakhosi. Mphuno imene ikupirira utsi umenewo koma n'kukwinyira thukuta la munthu wogwira ntchito, yaphunzitsidwa kunyoza.

Ndipo ife alembi tisadziyeretse. M'nthano zathu ndi m'masewero athu, wonunkhira nthawi zonse amakhala bwana kapena dona wa m'tauni, pamene wakumudzi timamulowetsa pabwalo ndi ntchentche kuti anthu aseke. Ana amene amawerenga zimenezi akakula ndiwo amagwira mphuno pa siteji.

Ine sindipempha zambiri. Mukakwera njinga ya mnyamata amene wasamba ndi kudzola, mulipireni mtengo wonse umene watchula, ndipo mumuitane kuti “achimwene”, osati “iwe”. Mukakumana ndi amene thukuta lamugonjetsa dzuwa lili pamutu, kumbukirani kuti thukutalo latuluka chifukwa chonyamula anthu onga inu. Koma ngati mukukayikabe, bwerani pa Nkopola Lachisanu likudzali, muime m'mbali mwa msewu nthawi ya mapemphero isanakwane, mudzanunkhize nokha.