Kuchepa kwa chipinda si kutsika kwa lendi

Aliyense amene anafikako ku Johannesburg amadziwa kuti mzindawu umadzuka kawiri. Pamene eni nyumba za ku Sandton ndi Rosebank akali m'tulo, anthu owaphikira, owalerera ana ndi owalondera pageti amakhala atauyamba kale ulendo kuchokera ku Soweto, Diepsloot kapena Orange Farm. Gawo lalikulu la malipiro awo limathera m'maminibasi. Izi sizinangochitika zokha ayi. Lamulo la Group Areas Act la m'chaka cha 1950 linakhwimitsa mchitidwe wokankhira anthu akuda kunja kwa mzinda, ndipo ngakhale ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994, mtengo wa nyumba ndiwo ukupitiriza ntchito imene kale ankaigwira ndi apolisi.

N'chifukwa chake ambiri a ife ogwira ntchito zachitukuko tinatchera khutu pamene khonsolo ya mzindawu, m'mwezi wa February 2019, inavomereza ndondomeko yokakamiza omanga nyumba zamalonda kuti aziganizirako anthu opeza zochepa. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: wopempha chilolezo chomanga nyumba 20 kapena kuposerapo pamalo amodzi ayenera kupatula nyumba 30 pa 100 zilizonse kuti zikhale za anthu oterewa. Pofuna kumupepuzira katundu, khonsolo imamulola kumanga nyumba zochulukirapo pamalo omwewo ndiponso kuchepetsa malo oimikapo galimoto. Boma la mzinda silitulutsa ndalama, koma limagwiritsa ntchito mphamvu imene lili nayo kale, yomwe ndi siginecha ya pachilolezo.

Ganizoli ndi labwino, ndipo sindikufuna kulinyoza. Koma fodya n'uyu ali pamphuno, choncho tiyeni tione chimene mayi woyeretsa m'maofesi angapezepo. Ndondomekoyi inapatsa womanga njira zingapo zoti asankhepo. Njira imodzi ndiyo imakhudza mtengo mwachindunji, pakuti imati lendi isapitirire R2,100 pamwezi, poyerekeza ndi mitengo ya mu 2018. Njira zina zimangokamba za kukula kwa nyumba: womanga akaikamo tizipinda ta masikweya mita 18 mpaka 30, wakwaniritsa lamulo, ndipo mtengo adzatchula yekha. Kodi munthu wabizinesi, atapatsidwa ufulu wosankha pakati pa kutsitsa lendi ndi kuchepetsa chipinda, angasankhe chiti? Kachipinda ka masikweya mita 20 ku Rosebank kamagwera mnyamata wosakwatira wogwira ntchito kubanki. Mayi wa ana atatu sangakwanitse lendi yake, ndipo ngakhale ataikwanitsa, anawo agona pati?

Omanga nyumba ali ndi mfundo yawo, ndipo tiyenera kuimva. Iwo amati malo, simenti ndi ngongole zakubanki n'zodula, kotero kuti lamulo likakhwima kwambiri adzangosamukira kumizinda ina, nyumba zatsopano n'kuchepa, lendi n'kukwera kwa aliyense. Pali choonadi pamenepo. Komabe malo a m'tauni sakwera mtengo chifukwa cha thukuta la mwini wake yekha. Msewu wa tala, mipope ya madzi, magetsi ndi siteshoni ya sitima ya Gautrain, zonsezi muli ndalama za anthu onse, kuphatikizapo msonkho umene mlonda amalipira akamagula sopo. Khonsolo ikasintha lamulo n'kulola nyumba zosanjikizana pamene panali nyumba imodzi, yamuonjezera mwini malo chuma ndi cholembera chabe. Kupempha kuti gawo la phindulo libwerere kwa osauka si kulanda.

Chimene chimachitika mzinda ukapanda malo ovomerezeka a anthu osauka tinachiona pa 31 August 2023. Usiku umenewo moto unabuka m'nyumba yosanjikizana ya Usindiso ku Marshalltown, pakatikati pa Johannesburg, ndipo anthu 76 anamwalira. Pakati pawo panali abale athu ochokera ku Malawi. Iwo ankakhala m'tizisakasa tomangidwa mkati mwa nyumbayo, n'kumalipira lendi kwa anthu amene sanali eni ake, chifukwa pamenepo ndiye panali pafupi ndi maganyu. Mwini nyumbayo anali khonsolo ya mzinda yomweyo. Komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi woweruza milandu wopuma Sisi Khampepe, inapeza mu 2024 kuti khonsoloyo inkadziwa za kuopsa kwa malowo koma sinachitepo kanthu. Chomvetsa chisoni china n'chakuti m'nthawi ya tsankho, nyumba imeneyi ndiyo inali ofesi ya mapasi, kumene munthu wakuda ankauzidwa ngati akuloledwa kukhala m'tauni kapena ayi.

Anthu a mu Usindiso sakanathandizidwa ndi tizipinda ta ku Rosebank, mwinanso ngakhale lendi ya R2,100 ikanawakulira ambiri a iwo. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kale mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, kuti khonsolo ili ndi udindo wopezera pogona pongoyembekezera anthu osauka ochotsedwa m'nyumba, ngakhale wowachotsayo akhale mwini nyumba wamba. Udindo umenewu khonsolo singautule pamutu pa omanga nyumba zamalonda.

Nkhaniyi si ya ku Joni kokha. Ku Lilongwe, Mtandire anayandikana ndi Area 47, ndipo m'mawa uliwonse anthu amatuluka uku kukagwira ntchito m'mipanda ya uko. Makhonsolo athu akamavomereza mapulani a malo atsopano omangapo nyumba, nawonso ali ndi siginecha ija m'manja. Khansala amene angafune kutengera chitsanzo cha Johannesburg awerenge ndondomekoyo mpaka kumapeto, ndipo polemba yakwathu atchule zinthu zitatu momveka bwino: lendi idzakhala ndalama zingati, idzakhala choncho kwa zaka zingati, ndiponso ndi ofesi iti imene idzagogoda pakhomo kukaona amene akukhalamo.