Thabwa linene kwawo

Mukapita pogulitsira matabwa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, tafunsani kuti thabwa mwagwiralo lachokera kuti. Yankho lake n'lakuti "kumpoto". Kumpoto kwake kuti? Apa wogulitsa amayamba kukuyang'anani ngati ndinu a Special Branch.

Ife tikufunsa chifukwa cha Mughese. Nkhalango imeneyi, pamodzi ndi Wilindi ndi Matipa, ili pamwamba pa mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, kufupi ndi malire a Tanzania. Ndi yaing'ono, ya mitengo yachilengedwe, ndipo timitsinje tochokera m'menemo ndi timene timamwetsa midzi ya alimi a khofi kumunsi kwake. Mtengo umene agogo athu anaupeza uli kale waukulu, macheka a injini amaugwetsa tiyi asanazizire. Ukasanduka matabwa n'kukwera lole, palibe angauzindikirenso.

Chikangawa tinaiona. Mahekitala pafupifupi 53,000 a mitengo yobzala, ndipo mbali yaikulu inatha ndi moto ndi macheka, ocheka ambiri ali ndi ziphaso m'matumba. Anapereka ndani, kwa yani, pa ndalama zingati? Munthu wamba sanauzidwe.

Malamulo alipo, tisanamizane. Mu 2019 ku Geneva, dziko lathu lomwe lino ndilo linapempha kuti mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje zitetezedwe ndi pangano la CITES, ndipo zinatheka. Mu 2020 lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwa, zilango n'kukwera. Koma chiphaso chobisidwa m'dirowa chimateteza mwini dirowayo basi. Inu amene munabwerera kuchokera ku Lusaka ndi Dar es Salaam mukudziwa zimene chinsinsi cha m'maofesi chinachita ku dziko lino.

Pempho lathu kwa a nthambi ya za nkhalango n'losavuta. Chiphaso chilichonse chodulira mitengo m'boma la Chitipa chikhomedwe pa ofesi ya DC ndi ku likulu la Mfumu Mwenemisuku: dzina la wodula, malo, mitengo ingati, walipira zingati. Chitsa chilembedwe nambala, nambala yomweyo ikhale pa matabwa ndi pa kalata ya dalaivala, kuti wapolisi wa pa rodibuloko kapena wa kasitomu pa Songwe athe kufananitsa. Komiti ya m'mudzi isungenso kalata yake, poti iwo ndiwo amamva macheka usiku.

Ndipo boma, pogula madesiki a sukulu, liyambe ilo kukana thabwa lopanda nambala.