Chiphaso cha azakhali chimayenda kuposa eni ake

Ndikamva pawailesi akuluakulu akuwerenga chiwerengero cha alimi amene apindula ndi feteleza wotsika mtengo, ndimaseka ndekha, poti mmodzi mwa opindulawo ndimamudziwa. Ndi azakhali anga a ku Kandeu. Mu 2023 miyendo inkawavuta, sankafika ngakhale pamsika. Koma chiphaso chawo chaunzika chinapita kudepoti, chinagona pamzere, chinagula thumba la NPK ndi la Urea, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Matumbawo anakwera njinga yamoto kulowera kwina. Chaka chimenecho chimanga cha azakhali chinachita chikasu chisanafike m'chiuno.

Musawadzudzule. Mwezi wa Novembala, nkhokwe ili mbee, mayi wamasiye K30,000 ya matumba awiri akanaitenga kuti? Kunabwera mnyamata waulemu wake, n'kunjuta pakhonde: "Agogo, tibwerekeni chiphaso, tikusiyirani kangachepe ka sopo ndi mchere." Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Azakhali anasankha wapamphuno, ndipo inunso mukanatero.

Matendawa ndi akale. Bingu wa Mutharika atayambitsa makuponi mu 2005, njala itatikwapula, tinavina, ndipo chimanga chinachulukadi. Thumba linafika potsika mpaka K500. Koma tonse tikukumbuka kuti m'kaundula munkapezeka midzi yopeka, ndiponso anthu amene tinawaika kale m'manda ankalandirabe makuponi chaka ndi chaka osaphonya. Mu 2020 kunabwera ndondomeko ina ya feteleza wotsika mtengo, AIP ya Lazarus Chakwera, thumba K4,495, mabanja oposa 4 miliyoni akulonjezedwa. Anati chiphaso chithetsa chinyengo. Chimene tinaphunzira ndi mawu atsopano a kalaliki akuti "netiweki palibe", amayi n'kumagona padepoti ndi ana kumsana pamene mavenda akutulutsa matumba kukhomo lakuseri. Mtengo unakwera kufika K7,500, kenaka K15,000, mayina n'kumachepa mpaka 1.5 miliyoni. Mayina akachepa chonchi, mfumu imangoti gawanani, thumba limodzi mabanja anayi, aliyense kandowa kake. Kandowa kameneko kathiridwe pa ekala yonse?

Za K750 miliyoni zimene zinatumizidwa mu 2022 ku Barkaat Foods, kampani ya ku UK yogulitsa nyama, kuti itipezere feteleza, sindiyamba n'komwe, magazi angandithamange. Nduna ya zamalimidwe Lobin Lowe inachotsedwa, ife tinadzala mochedwa.

Tsono matumba a azakhali aja amathera kuti? Kwathu kuno ku Ntcheu safuna ulendo wautali. Pa Lizulu ukangodumpha msewu wa M1 wafika ku Mozambique. Matumba ena amakatsegulidwa pamsika n'kumagulitsidwa pambale. Ambiri amakagwera kwa alimi a mbatatesi, kabichi ndi tomato a ku Tsangano ndi ku Lizulu komweko, anthu amene amalima dzinja ndi chilimwe chomwe n'kumadyetsa Blantyre ndi Lilongwe. Amenewa m'kaundula salowamo kawirikawiri, akuti ndi opezako bwino. Feteleza wa boma amamugulabe, koma pamtengo wa venda. Ndiye boma lalipira, mlimi walipira, wamasiye watsala ndi sopo, phindu lonse lili m'thumba mwa mnyamata wa njinga yamoto ndi amene amamutsegulira khomo lakuseri.

Ndakhala ndikunena pano, ndipo ndibwerezanso mpaka mutope nane: nkhalamba yopanda mphamvu zogwira khasu ikufunika ndalama ya Mtukula Pakhomo ndi chakudya, pamene mlimi wamphamvu akufunika feteleza wamtengo wofikirika, wofika mvula isanagwe. Kuphatikiza anthu awiriwa m'kaundula mmodzi kumakomera andale okha, chifukwa thumba lojambulitsa pamsonkhano limakolola mavoti.

Aphungu athu a ku Ntcheu, mukadzapita ku Nyumba ya Malamulo musakafunse kuti mayina alembedwa angati. Kafunseni kuti matumba amene anathiridwadi m'minda ya eni mayinawo ndi angati.