Kolela mu Lusaka: cifukwa cake imabwelanso, ndi cifukwa cake ambili amafela pa nyumba

Caka ciliconse mvula ikayandikila, unduna wa za umoyo pamodzi ndi makhonsolo amayamba kucenjeza anthu za matenda a kolela. Dziko la Zambia lakhala likulimbana ndi matenda amenewa kucokela kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2019 boma linakhazikitsa ndondomeko yofuna kuwathetsa pofika caka ca 2025. Caka cimeneco cinafika, koma kolela inabukanso m'madela ena, kuphatikizapo boma la Mpulungu m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Funso limene omvela athu ambili amafunsa ndi lakuti, kodi cimalepheleka n'ciani?

Milili iwili imene inakantha mzinda wa Lusaka ingatithandize kupeza yankho. Woyamba unayamba mu October 2017, ndipo pofika mu May 2018 anthu pafupifupi 5,900 anali atadwala m'dziko lonse, oposa 100 atamwalila. Boma linatumiza asilikali kukayeletsa misika ndi miseu, ogulitsa malonda m'mbali mwa miseu anacotsedwa, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo ku Kanyama kunabuka cipolowe mu January 2018 cifukwa ca malamulo okhwima amene anaikidwa. Waciwili unayamba mu October 2023 ndipo unaposa woyamba uja kwambili, pakuti anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalila. Bwalo la masewela la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo ana a sukulu amene anayenela kutsegulila pa 8 January 2024 anakhala pa nyumba mpaka pa 12 February.

Pa milili iwiliyi, madela amene anavutika kwambili anali amodzimodzi: makomboni monga Kanyama, Chawama, George, Matero ndi Chipata. Cifukwa cake cili pansi pa nthaka. Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambili ndi pamwamba. Anthu ambili a m'makomboni amagwilitsa nchito zimbudzi zokumba, ndipo kumene mipope siifika kapena kumene madzi amatuluka mwa apo ndi apo, amatunga m'zitsime zosazama. Mvula ikagwa yambili, zimbudzi zimasefukila, zonyansa zimaloŵelela m'ming'alu ija ndi kukafika m'citsime cimene cingakhale pa mtunda wa mapazi ocepa cabe. Madziwo angaoneke oyela bwino m'cigubu, koma ali ndi tuzilombo.

Apa m'pamene pali vuto la njila zimene zimatsatidwa mlili ukabuka. Kuyeletsa misika, kuika matanki a madzi, kukwilila zitsime ndi kupeleka katemela ni nchito zofunika, ndipo zimapulumutsa miyoyo. Koma zambili mwa izo zimatha mlili ukangotha. Mayi amene citsime cake cakwililidwa, ngati tanki yacotsedwa ndipo pampopi pali mzele wautali, adzakumba cina, cifukwa ana afunika kusamba ndipo nsima ifunika kuphikidwa. Katemela wa kolela, amene ni wakumwa, amateteza kwa kanthawi cabe, ndipo mu October 2022 mabungwe oyang'anila nkhokwe ya katemelayu pa dziko lonse anagamula kuti pa milili azipeleka mlingo umodzi m'malo mwa iwili cifukwa ca kupeleŵela kwake.

Sitinganene kuti palibe cacitika. Pakati pa 2013 ndi 2018, thandizo la ndalama zokwana madola 355 miliyoni locokela ku Millennium Challenge Corporation ya ku America linagwila nchito ya madzi, zimbudzi ndi ngalande mu Lusaka, kuphatikizapo ngalande ya Bombay. Mu 2018 Zambia inali patsogolo popeleka cigamulo colimbana ndi kolela ku msonkhano waukulu wa bungwe la World Health Organization, ndipo mu 2022 mtsogoleli wa dziko a Hakainde Hichilema anasankhidwa kukhala kazembe wa nkhondo yolimbana ndi matendawa pa dziko lonse. Koma boma la Lusaka lili ndi anthu oposa 2 miliyoni malinga ndi kalembela wa 2022, ndipo nyumba zimamangidwa mofulumila kuposa mmene mipope imayalidwila.

Nchito ya mipope ndi ngalande idzatenga zaka, koma pali mbali ina imene banja lililonse lingacitepo kanthu lelo, ndiyo ya imfa. A World Health Organization amanena kuti odwala kolela akalandila cithandizo coyenela mwamsanga, amene amamwalila sayenela kufika pa mmodzi mwa odwala 100 alionse. Pa mlili wa 2023 ndi 2024, amene anamwalila anali pafupifupi atatu mwa 100 alionse, ndipo ambili a iwo anafela pa nyumba kapena pa njila asanafike ku cipatala. Ena anayembekezela kuti kuce, ena anayamba ndi mankhwala oletsa kutsegula m'mimba ogula pa kantemba, ndipo ena anabisa wodwala cifukwa ca manyazi kapena mantha akuti akapita ku bwalo lija sadzamuonanso.

Kolela imapha mwa kutha madzi m'thupi. Munthu amatsegula m'mimba madzi okhaokha ooneka monga otsukila mpunga, nthawi zina amasanza, maso amaloŵa mkati, miyendo imakokana, ndipo munthu wamkulu wamphamvu angamwalile m'maola ocepa cabe. Cotelo cithandizo ciyenela kuyamba pa nyumba nthawi yomweyo ndi madzi a ORS, amene ambili amawacha madzi a moyo. Paketi imodzi isungunulidwe m'madzi owilitsa kapena othila klolini, pa mlingo wolembedwa pa paketipo. Ngati paketi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukila ndi theka la supuni yaing'ono ya mcele mu lita imodzi ya madzi abwino. Wodwala azimwa pang'onopang'ono ngakhale akusanza, azimwabe ali pa ulendo wa ku kiliniki, ndipo ulendowo usayembekezele m'mawa. Mwana woyamwa apitilize kuyamwa.

Tiyenela kudziŵanso kuti anthu ambili amene atenga kacilomboka sadwala konse, komabe amakatulutsa m'cimbudzi cao kwa masiku angapo. Ici ndiye cifukwa cake kusamba m'manja ndi sopo pocoka ku cimbudzi komanso tisanakhudze cakudya ni udindo wa aliyense, ngakhale amene akumva bwino. Kusambila m'manja m'mbale imodzi pa malilo kapena pa ukwati kumafalitsa matendawa, cimodzimodzinso kusambika mtembo wa munthu womwalila ndi kolela, nchito imene iyenela kusiyilidwa a zaumoyo.

Pa nkhani ya madzi ndi zimbudzi, anthu a m'makomboni ali ndi poyambila. Mu 2022 thumba la citukuko la Constituency Development Fund linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse, ndipo zofuna za anthu zimadzela m'makomiti a citukuko a m'mawadi. Kumeneko n'kumene anthu angafunse kuti ni ndalama zingati zapita ku mipope, ku malo otungila madzi, ku zimbudzi za m'misika ndi ku nchito yopopa zimbudzi zodzala. Mafunso amenewa afunika kufunsidwa m'cilimwe, nthaka ikali youma ndipo nchito yokumba ikali yotheka, cifukwa mvula ikayamba kugwa mu November zimbudzi zosapopedwa zija zimayamba kusefukila.